Tai chi ndi kuiwalaiwala kwa amayi: ndani akudziwa za masewerawa?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabweranso ndi nkhani ya amayi anga aja. Ali ndi zaka 74. Kuiwala kwawo sikunafike poipa kwenikweni, tonse amatizindikira ndipo amasamba okha, koma kiyi wa kuchipinda kwawo timamusaka tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani imodzi amatha kundiuza katatu nsima isanathe m'mbale. Sabata yatha anasiya nyemba pambaula n'kupita kukacheza kwa aneba, tinangomva fungo la kupserera. Tsono mlongo wanga wa ku Cape Town wanditumizira kavidiyo ka agogo a ku China akuyendetsa manja pang'onopang'ono ngati akusambira m'malere. Akuti ndi tai chi, ndipo amathandiza ubongo. Ndinayamba ndaseka, koma usiku tulo sitinabwere. Alipo amene akudziwa zoona zake? Sindikufuna kuvutitsa munthu wamkulu ndi zinthu zopanda mutu.

aMbewe ku Joni: Mayi Nabanda, amayi anuwo akhala akulima, kusinja ndi kusenza mitolo ya nkhuni zaka 60. Lero mukufuna muwaphunzitse kugwira mphepo? Kkkkk. Awa ndi masewera a anthu amene sanagwirepo khasu.

Nabanda: Achimwene, khasulo analisiya kumudzi zaka 4 zapitazo. Kuno ku Lilongwe ntchito yawo ndi kukhala pakhonde ndi wailesi.

Jere ku Zhengzhou: Amayi Nabanda, nkhaniyi yandipeza pakhomo penipeni. Ndikuphunzira kuno ku Zhengzhou, likulu la chigawo cha Henan ku China, ndipo tai chi anachokera m'chigawo chomwechi, m'mudzi wotchedwa Chenjiagou. Ndinapitako ndi anzanga a m'kalasi. Achimwene a ku Joni, amene anayambitsa zimenezi anali alimi ndithu, ndiponso ankhondo. Mbiri yake imaloza kwa Chen Wangting, msilikali wa m'zaka za m'ma 1600 amene atapuma anabwerera kumudzi kwawo. Poyamba inali njira yomenyera ndi kudziteteza. Pambuyo pake munthu wina wobwera, Yang Luchan, anakaphunzira kubanja la a Chen n'kukaphunzitsa ku Beijing m'zaka za m'ma 1800, ndipo mtundu wofatsa umene mwauona pavidiyowo mwina ndi wochokera kwa iyeyu. Mu 1956 boma la China linaufupikitsa kukhala magawo 24 kuti munthu wamba aziutha. Ukaudziwa umatenga mphindi 5 kapena 6 basi.

Chimene chinandidabwitsa nditangofika kuno ndi m'mapaki m'mawa. Pofika 6 koloko mumakhala mutadzaza kale agogo, ngakhale nyengo yozizira mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ena ali pamzere ndi kasipika kawo, ena ali okha pansi pa mtengo. Agogo ena a zaka zoposa 70 anandiitana kuti ndiyese kuima ndi mwendo umodzi monga iwo. Ine mnyamata wosewera mpira ndinayamba kudzandira iwo ali chiimire, akundiseka.

aMbewe ku Joni: Ndiye kuti ndi karate ya nkhalamba.

Jere ku Zhengzhou: Karate ndi ya ku Japan achimwene, musatiyambanitse ndi eni ake kkk. Ndipo mu Disembala 2020 bungwe la UNESCO linaika tai chi pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu chofunika kusungidwa, mndandanda womwe uja pali Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa.

Naphiri ku Leeds: Moni nonse, ndangoweruka kumene ndiye mundikhululukire ndikalemba mosokoneza. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kumabwera mayi wina kamodzi pa sabata kudzachititsa tai chi. Ambiri mwa agogo athu amachita atakhala pampando, ochepa amaima atagwira kumsana kwa mpando. Ndisaname, sindinaonepo munthu amene matenda oiwalaiwala anamugwira kale akuchira chifukwa cha zimenezi. Palibe. Chimene ndimaona n'choti tsiku limenelo amakhala odekha, ndipo mayi wina amene amakana chilichonse amalola kutuluka m'chipinda akamva nyimbo ija.

Koma pa nkhani ya kugwa, pamenepo ndiye ndingaikire umboni. Kuno timaopa kugwa kuposa china chilichonse, chifukwa gogo akathyoka fupa la m'chiuno ambiri sabwereranso mwakale, ndipo akamenyetsa mutu ubongo womwewo ndi umene umavulala. Ku America, ku Oregon, kuli wofufuza wina dzina lake Fuzhong Li. Mu 2018 iye ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa anthu 670 a zaka 70 kupita m'tsogolo amene anali pachiopsezo cha kugwa. Amene anachita tai chi kawiri pa sabata kwa milungu 24, kugwa kwawo kunachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi amene ankangodziwongola, ndiponso ndi 31 peresenti poyerekeza ndi amene ankachita masewera ena osakaniza. Manambala amenewa si amasewera.

Nabanda: Zikomo achemwali. Kugwa anagwapo kale kubafa chaka chatha, mwayi sanathyoke. Koma ine chikundidya mtima ndi kuiwalaku.

Wafiziyo: Ndalowa mochedwa. Ndawerenga zonse, ndipo mundilole nditalikitseko chifukwa funso la mayi Nabanda lili ndi yankho, kungoti yankho lake si lokoma ngati la pavidiyo.

Kafukufuku amene amagwirizana kwambiri ndi amayi anu ndi wa Fuzhong Li yemweyo, wa mu 2023. Anatenga anthu 318 a zaka 65 kupita m'tsogolo amene anayamba kudandaula za kuiwala koma asanafike pa matenda enieni. Anawagawa patatu mwamaere. Ena ankangodziwongola, ena tai chi wamba, ena tai chi wowonjezera zovutitsa mutu, monga kutchula zilembo za mawu kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro uku thupi likuyenda. Onse ankachita ola limodzi, kawiri pa sabata, kwa milungu 24, kunyumba kwawo kudzera pa vidiyo ya pa intaneti. Pali mayeso ena a ubongo otchedwa MoCA, a malikisi 30, amene amafunsa munthu kujambula wotchi, kukumbukira mawu asanu, kuchotsera manambala ndi zina. Gulu la tai chi wovutitsa mutu linaposa la tai chi wamba ndi malikisi 1.5, ndipo linaposa odziwongola aja ndi malikisi 2.8.

Tsono muone bwino. Malikisi awiri kapena atatu pa 30 si chozizwitsa. Munthu sabwerera kukhala wa zaka 40. Koma kwa munthu amene amayenera kumatsika chaka ndi chaka, kukwera pang'ono kokhako ndi phindu.

Kafukufuku wina ndi wa ku China, wa mu 2023 momwemo, wa anthu 328 odwala shuga amene anayambanso kuiwala pang'ono. Anayerekeza tai chi wa magawo 24 uja ndi kuyenda ndawala. Pofika milungu 36, a tai chi anali patsogolo pa mayeso omwewo, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa.

aMbewe ku Joni: Chabwino adokotala, koma tandiuzani. Kuyendetsa manja ngati ukuopa kudzutsa mwana kungapose bwanji kuyenda ndawala? Thukuta silituluka n'komwe.

Wafiziyo: Sindine dokotala achimwene, ndine wa mafupa ndi minofu, koma funsolo ndi labwino. Choyamba, thukuta limatuluka. Tayesani kupinda mawondo pang'ono, musamutse thupi lonse kupita pa mwendo wamanzere mukuwerenga mpaka 8, kenako kubwerera kumanja chimodzimodzi, kwa mphindi 10. Mudzatiuze ntchafu zikadzayamba kuyankhula.

Chachiwiri, kuyenda ndi chinthu chimene thupi linaloweza tili ana. Mutha kuyenda kuchokera ku Biwi mpaka m'tauni mutu uli ku ngongole za kuchigayo, miyendo ikudziyendera yokha. Pa tai chi sizitheka. Uyenera kukumbukira chimene chikubwera, kudziwa pamene phazi laponda osaliyang'ana, dzanja lamanja likupita kwina lamanzere kwina, maso akutsata dzanja, mpweya ukulowa ndi kutuluka mogwirizana ndi thupi. Pali gawo lina loyenda chobwerera m'mbuyo, lina loyenda cham'mbali. Ubongo umagwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo luso limeneli, lokonza zinthu m'ndondomeko ndi kusunga ziwiri m'mutu, ndi limodzi mwa amene amafooka msanga munthu akamakalamba. Nyemba za amayi zija zinapserera pamenepo. Kuphika amadziwa, koma kusunga mphika m'mutu uku akucheza n'kumene kwavuta. Mu 2014 Peter Wayne wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku 20 wa tai chi ndi ubongo, ndipo pamene panaoneka phindu momveka bwino ndi pa luso lomweli.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndili ndi zaka 71, ndinaphunzitsa masamu zaka 34. Mwana wanga anandiikira vidiyo ya zimenezi pafoni nditayamba kudwala BP. Tai chi weniweniyo anandikanika, magawo ake ndi ambiri ndipo mphunzitsi wa pavidiyo akatembenuka ine ndimasokonezeka kuti kumanja ndi kuti. Ndinapeza ina yosavuta, ya magawo 8 okha, imene sumachoka pamalo. Ndimachita m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba madzi a tiyi ali pamoto. Chaka chino ndi chachiwiri. Za ubongo sindinganene, munthu sadziyeza yekha, koma ndimagona bwino ndipo khosi linasiya kuuma. Mayi a kunyumba poyamba ankati ndayamba misala, pano amaima kumbuyo kwanga.

Jere ku Zhengzhou: Bambo, imeneyo ndi baduanjin, mtundu wa qigong. Amatchula kuti "chi-gung". Ndi yakale kuposa tai chi, imapezeka m'zolembedwa za nthawi ya mafumu a Song, zaka zoposa 800 zapitazo. Gawo loyamba umakweza manja onse ngati ukuchirikiza thambo, lachiwiri umakoka uta, pali lina lotembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo, lomaliza umanyamuka pa zala za kumapazi n'kugwetsa zidendene pansi. Palinso ina yotsanzira nyama zisanu, nyalugwe wa kuno uja wamizeremizere, mbawala, chimbalangondo, nyani ndi mbalame, imene amati anayambitsa ndi sing'anga wakale Hua Tuo. Kusiyana kwake mwachidule, qigong umabwereza kachitidwe kamodzi kangapo uli pamalo amodzi, tai chi umayenda ndipo magawo amalumikizana osaduka.

Aphunzitsi opuma: Eya, ya utayo ndi imene ndimaikonda. Imandikumbutsa kusaka mbira tili anyamata.

Mkulu wa mpingo: Abale, ndisakhale ngati ndikuthira madzi pamoto, koma wina ayenera kufunsa. Zinthu izi zili ndi mizu yake. Ndamva kuti amakamba za mphamvu ina yoyenda m'thupi, ndipo zimakhudzana ndi zipembedzo za kumeneko. Mkhristu angalowe bwanji m'zimenezi osadziwa chimene akuitana? Mayi Nabanda, amayi anu ndi a chigwirizano, samalani.

aMbewe ku Joni: Apa ndiye nkhani yakoma.

Jere ku Zhengzhou: Bambo mkulu, funso lanu ndalilemekeza, ndipo sindikubisirani. Mizu ilipo. Mawu oti taiji, amene ndi tai chi yemweyo, ndi a m'nzeru zakale za ku China za yin ndi yang, mbali ziwiri zosiyana koma zodalirana monga mdima ndi kuwala, ndipo qi, amene ali m'dzina la qigong, kwenikweni ndi mpweya, koma asing'anga akale a kuno ankaphunzitsa kuti ndi mphamvu ya moyo yoyenda m'njira zake m'thupi. A chipembedzo cha Tao ndi cha Buddha akhala akuchita masewerawa kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1980 kunabukanso anthu kuno odzitcha akatswiri a qigong amene ankalonjeza machiritso odabwitsa, ofanana ndi ena amene timawadziwa kwathu. Zimenezo n'zoona.

Koma zimene ndimaona m'paki m'mawa, palibe amene amapemphera, kufukiza lubani kapena kutchula dzina la mzimu. Ambiri mwa agogowa sapembedza n'komwe. Akamaliza amakagula ndiwo. Ndipo m'kafukufuku amene atchula a fiziyo, anthu ankangophunzitsidwa kuyendetsa thupi ndi kupuma.

Wafiziyo: Ndiwonjezere kuti njira za qi zimenezo palibe anazipezapo m'thupi, kaya pong'amba kaya pojambula. Zimene tingathe kuyeza ndi BP, kugunda kwa mtima, mphamvu ya miyendo, tulo ndi mayeso a ubongo. Phindu lake limafotokozeka popanda kukhulupirira chilichonse.

Aphunzitsi opuma: Abusa anga anandifunsanso zomwezi. Ndinawauza kuti ine ndikamakweza manja ndimanena Salimo 121 mumtima, ndipo mavesi ake ndi 8, magawonso ndi 8. Anangoseka. Koma bambo mkulu, ngati mtima wa munthu ukukana, asachite. Masewera ndi ambiri.

Mkulu wa mpingo: Ndamva. Ineyo sindichita, koma mwandiyankha mwaulemu. Chimene ndingapemphe n'choti amayiwo auzidwe kumene zachokera, asankhe okha.

Nabanda: Zimenezo ndiwauza ndithu bambo. Amayi anga si munthu woti ungamuchititse chinthu mobisa, angakutulukire.

Nasakala ku Chipata: Ine funso langa ndi lina. Ngati chinsinsi ndi kukumbukira masitepe uku thupi likuyenda, nanga chimtali ndi chitelele si zomwezo? Agogo anga ankavina mpaka zaka 80 ndipo mutu unali wakuthwa ngati lumo. Tikufuniranji za ku China?

Wafiziyo: Mayi Nasakala, mwagunda pamene ndimafuna kufika. Pali kafukufuku wa ku Shanghai wa mu 2012 amene anthu okonda tai chi amamutchula kwambiri, koma amangotchula theka lake. Anatenga okalamba 120 opanda matenda oiwalaiwala n'kuwagawa panayi kwa milungu 40. Ena tai chi katatu pa sabata, ena kuyenda, ena kumangokumana n'kumakambirana nkhani, ena osachita kanthu. Anawajambula ubongo ndi makina a MRI. Ubongo wa okalamba umanka nuchepa, koma a tai chi unakulako pang'ono poyerekeza ndi osachita kanthu aja. Theka limene satchula ndi ili: gulu longocheza lija nalonso ubongo unakulako. Oyenda ndi amene sanasinthe kwenikweni. Anthu 30 pa gulu ndi ochepa, tisamangirepo nyumba, koma zikutiuza kuti kukhala ndi anzako ndi mbali ya mankhwalawo.

Za kuvina, mu 2003 ofufuza a ku New York amene anatsatira okalamba 469 kwa zaka zingapo anapeza kuti amene ankavina kawirikawiri sankadwala matenda oiwalaiwala mofanana ndi anzawo. Kungoti kafukufuku wotere sangatiuze ngati kuvina kunawateteza, kapena ngati amene mutu unali bwino kale ndi amene ankapitiriza kuvina.

Pamene tai chi amaposa magule athu ndi pa kufatsa. Chimtali chimafuna chiuno ndi mawondo amphamvu, ng'oma ndi gulu. Gogo wa nyamakazi amene anagwapo kubafa sangalowe m'bwalo. Tai chi angachite pakhonde atagwira mpando. Koma amene akutha kuvina, avine, makamaka ngati akuphunzira nyimbo ndi masitepe atsopano.

Jere ku Zhengzhou: Ndipotu kuno madzulo mabwalo amadzaza ndi amayi akuluakulu ovina pagulu ndi masipika, mpaka aneba amadandaula phokoso. Eni ake a tai chi amavinanso.

aMbewe ku Joni: Ndiye mwavomereza kuti bawo pansi pa mtengo wa mango ndi mankhwala. Ndikauze akazi anga.

Naphiri ku Leeds: Achimwene inu kkkk. Koma achemwali a Nabanda, pali chinthu chimene sitinakambe ndipo chikundivuta. Amayi anapita nawo kuchipatala za kuiwalaku? Musayambe ndi vidiyo. Kuiwala kwina kumabwera ndi zinthu zochizika: kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, mankhwala ena amene munthu akumwa, ngakhale makutu. Gogo amene sakumva bwino amaoneka ngati woiwala pamene sanamve n'komwe. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zimene zikanapewedwa, pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala akanapeweka kapena kuchedwa. Kusachita masewera ndi chimodzi chabe. Pali BP, shuga, kusamva, kusaona bwino, fodya, mowa, kuvulala m'mutu, kukhala wekhawekha, utsi. Kwathu BP ndi imene imapha ubongo mwakachetechete, timasitiroko ting'onoting'ono timene munthu sazindikira n'komwe.

Nabanda: Mwandigwira pamenepo. BP anawapeza nayo kumudzi, koma mankhwala amamwa mutu ukawawa basi. Akuti akakhala bwino amweranji.

Naphiri ku Leeds: Ayi ayi ayi. Yambani ndi zimenezo mawa lomwe. Mankhwala a BP ndi a tsiku lililonse, mutu uwawe usawawe.

Wafiziyo: Ndikugwirizana nawo kotheratu. Tai chi amatsitsako BP, ku China mu 2024 anayesa anthu 342 amene BP yawo inali itayamba kukwera, ndipo patatha chaka nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi 7 kwa a tai chi, ndi pafupifupi 5 kwa ochita masewera othamangitsa mtima. Koma amenewo anali anthu oti sanafike pofunika mankhwala. Kwa amayi anu masewera ndi ndiwo, nsima ndi mapilitsi.

Nasakala ku Chipata: Nkhani ya kuiwalayi imandiwawa. Kumudzi kwa amayi anga gogo wina anapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake atasochera, sakudziwa kwawo. Anthu anati wagwa pa ndege ya ufiti. Anamuchita zoipa mdzukulu wake asanafike. Munthu wodwala chabe.

Adimini: Zachisoni kwambiri mayi. Nkhani imeneyi ndi yaikulu, tiitsegulire tsiku lakelake Loweruka kuti tiikambe bwino. Pano tipitirize kuthandiza mayi Nabanda.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Pepani akuluakulu kulowerera. Bambo anga ali ndi matenda onjenjemera aja, Parkinson. Izi zingawathandize kapena ndi za oiwala okha?

Wafiziyo: Mphwanga, kumeneko ndiye kuli umboni wabwino. Mu 2012 magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa odwala Parkinson 195. Amene anachita tai chi kawiri pa sabata kwa milungu 24 ankaima molimba kuposa amene ankanyamula zolemera ndi amene ankadziwongola, ndipo ankagwa mocheperapo kusiyana ndi odziwongolawo. Anali odwala amene matenda sanafike patali, otha kuima okha. Kunjenjemera sikutha, ndipo mankhwala asasiye. Bambo akamachita, wina aziima pambali pawo, chifukwa matendawa amagwetsa munthu chagada mosayembekezera.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Zikomo kwambiri akulu. Ndiyesa nawo Lamlungu.

Nabanda: Tsono ndiyambe bwanji? Mphunzitsi kuno sindikumudziwa, ndipo bandulo ya intaneti sindingakwanitse tsiku lililonse.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, tsitsani vidiyo imodzi yokha muisunge pafoni. Muyambe mwaphunzira inuyo, gawo limodzi pa sabata. Munthu wamkulu sangatsatire kafoni kakang'ono, koma mwana wake ataima patsogolo pake amutsatira. Ndipo muziima mowafulatira kuti dzanja lanu lamanja likhalenso lamanja kwa iwo. Ine zinandisokoneza miyezi iwiri.

Wafiziyo: Bambo anena zoona. Yambani ndi baduanjin, mphindi 10 zikwana. Pamalo pakhale posaterera, osati pasimenti yopolisha kapena pamkeka. Asavale masilipasi, bola opanda nsapato kapena nsapato zafulati zogwira phazi. Chitenje chikhale chomasuka kuti miyendo itanyuke. Mpando wolimba ukhale pafupi. Asapinde mawondo kwambiri ngati anthu a pavidiyo, bondo liziloza kumene chala chachikulu chaloza ndipo lisapitirire zala. Pali gawo lowerama kugwira mapazi ndi lina lozunguza mutu, amenewo kwa munthu wa BP achite pang'ono chabe kapena awadumphe kaye. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena befu, aime. Akazolowera, muziwonjezera zovutitsa mutu zija m'Chichewa chathu chomwechi: atchule miyezi kuyambira Disembala kubwerera m'mbuyo, kapena mayina a zidzukulu kuyambira wamng'ono, manja akuyenda. Ndipo ngati aneba aja amene amakacheza nawo angabwere, ndiye mwapha mbalame zonse.

Musayembekezere kuona kanthu sabata ziwiri. M'kafukufuku monse ndatchulamu anthu ankachita miyezi 6 kapena kuposa.

aMbewe ku Joni: Mudzatijambulire kavidiyo mayi, tidzaone agogo akukoka uta.

Nabanda: Ndabweranso abale, papita milungu itatu. Kuchipatala tinapita. BP inali 172 pa 96, anawasinthira mankhwala ndipo tsopano ndimawapatsa ndekha m'mawa uliwonse ndi phala. Khutu lamanzere anapezamo phula lambiri, analitsuka, ndipo wailesi yatsika mawu. Magazi anatenga, zotsatira tikatenge sabata yamawa.

Za masewera, ndinawauza zonse monga ananenera bambo mkulu wa mpingo, kuti ndi za ku China ndipo zinachokera kwakuti. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ambulera yanga ndi ya ku China, mvula imandikana?" Tsiku loyamba anaseka mpaka kukhala pansi. Pano tafika magawo atatu. Mayina a pavidiyo anawakana, anaika awo. Lokweza manja akuti kuyanika chimanga padenga, la uta akuti kukoka mbuzi yokana kulowa m'khola, lachitatu lokweza dzanja limodzi akuti kuthyola papaya. Aneba aja amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, koma amathera nthawi yambiri akukangana kuti wayamba kulakwitsa ndani. Kiyi tikumusakabe. Dzulo anali mu ufa.

Funso langa kwa a fiziyo: pokoka mbuzi paja akumadandaula bondo lamanja, mkati mwake. Tisiye?

Wafiziyo: Musasiye, koma chepetsani. Miyendo asatanyule kwambiri, ingopitirira mapewa pang'ono, ndipo atsike theka la mmene akutsikira pano. Muone ngati bondolo likugwera mkati akamapinda, nthawi zambiri vuto limakhala limenelo. Likapitiriza kuwawa mpaka tsiku lotsatira, kapena likatupa, gawo limenelo azichita atakhala pampando, manja okha, ndipo mukapita kukatenga zotsatira za magazi mukawaonetse bondolo.

Aphunzitsi opuma: Gawo lachinayi ndi lotembenuka kuyang'ana kumbuyo. Mutiuze dzina limene alipatse.